Phazi lomangidwa kapena lomasuka: nkhani ya mapedulo panjinga yokwerera mapiri

Munthu akangogula njinga yabwino yokwerera mapiri, alangizi amachuluka. Wina amuuza kuti asinthe matayala, wina chishalo, ndipo posakhalitsa pamapezeka wina woyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, njinga yonseyi mukupalasabe ndi ma flat? Gulani ma clipless muone mmene muulukire." Anyamata ambiri amene timakwera nawo phiri la Zomba Loweruka m'mawa auzidwapo zimenezi, ndipo ine ndikakhala pomwepo ndimatsutsa. Mitundu yonse iwiri ndili nayo, ndipo ndaipalasa m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Kwa munthu wopalasa m'tinjira ta kwathu kuno, ma flat ndi nsapato yabwino ndiye poyambira, ndipo ambiri sadzafunikanso china. Ma clipless ali ndi ntchito yake, koma ndi yochepa poyerekeza ndi mmene anthu amawatamira.

Pedulo ya flat imene ndikunena si ija yapulasitiki yoterera imene imabwera ndi njinga kusitolo. Ndi yotambalala, pafupifupi masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi, ndipo mbali iliyonse ili ndi timisomali tachitsulo 8 mpaka 12 totuluka mamilimita 4 kapena 5. Timisomalito timalowa m'labala wa nsapato, phazi n'kukhazikika. Ya clipless ndi yaing'ono, ili ndi kakamwa ka sipuling'i. Pansi pa nsapato yake yapadera pamakhala kachitsulo kotchedwa cleat, komangidwa ndi timabawuti tiwiri. Ukaponda, kachitsuloko kamalowa m'kamwamo n'kumveka kuti "khe", basi phazi lagwidwa. Kuti lituluke uyenera kupotozera chidendene kunja. Ukakoka molunjika m'mwamba, njinga imakutsata.

Kumanga phazi kunayambira kumipikisano ya pamsewu wa tala. Kalekale othamanga ankalowetsa zala m'kakhola kachitsulo kutsogolo kwa pedulo n'kumanga ndi lamba wachikopa, moti pofuna kuima ankayamba awerama kumasula lambayo ndi dzanja. Njinga zakale zobwera m'makontena kuchokera kunja, ngati zimene bungwe la Africycle la ku Canada linkabweretsa muno mu Zomba, zina zimafika zikadali ndi timakola timeneti, ndipo langizo langa ndi lakuti muzichotsa tsiku lomwelo. Mu 1971 kampani ya Cinelli ya ku Italy inatulutsa pedulo yotchedwa M71 yogwira nsapato popanda lamba, koma inkafunabe dzanja pomasula. Zinthu zinasintha mu 1984 pamene kampani ya Look ya ku France, imene inkapanga zomangira mapazi za anthu otsetsereka pachipale chofewa, inabweretsa nzeru yopotoza chidendeneyo kunjinga. Chaka chotsatira, 1985, Bernard Hinault anapambana Tour de France ndi mapedulo amenewo, ndipo aliyense anawafuna. A Shimano ndi amene anawakweza kuphiri mu 1990 ndi mtundu wa SPD, umene cleat yake inabisika m'kati mwa soli kuti munthu athe kuyenda pansi. Zoyambirira zija zinapangidwira munthu amene akakwera njinga m'mawa sapondanso pansi mpaka mpikisano utatha. Funso ndi lakuti, kodi inu mumapalasa choncho?

Chimene otamira ma clipless amayamba kunena ndi mphamvu. Amati phazi likamangidwa, mwendo wina ukamakankha pansi wina umakoka m'mwamba, ndiye kuti mphamvu ziwiri. Pokamba zimamveka bwino. Koma kwerani msewu wochoka m'tauni kupita ku Ku Chawe, mumvetsere miyendo yanu mukafika pakati pa chitunda. Mwendo wa munthu unapangidwira kukankha. Minofu yaikulu ya m'ntchafu ndi m'matako ndi imene imagwira ntchito, ndipo yokokera m'mwamba ndi yaing'ono, imatopa msanga. Ngakhale akatswiri, akamapalasa ulendo wautali mokhazikika, mwendo wakumbuyo amangoupepuza kuti usalemere pedulo, sakoka kwenikweni. Kukoka kumathandiza pa kanthawi kochepa: pothamangitsana pomaliza mpikisano, kapena pokwera kamtunda kamiyala pamene wafunika kudzutsa njinga yonse ndi mphamvu imodzi. Pachitunda chachitali chija, ine sindifika msanga pamwamba chifukwa cha pedulo. Chimene chimandifikitsa msanga ndi kugona bwino ndi kudya m'mawa.

Ubwino weniweni wa ma clipless uli kwina. Njinga ikamadumphadumpha pamiyala ndi pamizu, makamaka yopanda sipuling'i kumbuyo, phazi lomangidwa silichoka pamalo pake ndipo ukhoza kupitiriza kupalasa pamene wa ma flat wayamba wakonza kaye kaimidwe. Nsapato zake ndi zolimba pansi, choncho phazi silipindika ndipo silitopa msanga ulendo ukatalika. Phazi limakhalanso pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndi chifukwa chake pa mipikisano ya cross-country, yokwera ndi kutsika m'tinjira ta m'mapiri, kumene Nino Schurter wa ku Switzerland analamulira zaka zambiri, simudzaona wakutsogolo ali pa ma flat. Chimodzimodzi ku Cape Epic ya ku South Africa, imene inayamba mu 2004 ndipo anthu amapalasa awiriawiri masiku 8. Ngakhale pa mpikisano wotsetsereka phiri ambiri amamanga mapazi. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi kanayi, mu 2003, 2012, 2013 pakwawo pomwe, ndi 2021 ali ndi zaka 39, mapazi ali omangidwa.

Koma pali Sam Hill wa ku Australia. Iyeyu anatenga ukatswiri womwewo wotsetsereka mu 2006, 2007 ndi 2010 ali pa ma flat, kenako anasamukira ku Enduro World Series, kumene munthu ankakweranso mapiri ndi miyendo yake tsiku lonse, n'kupambana zaka zitatu zotsatizana, 2017, 2018 ndi 2019. Mukamuonera pa YouTube akukhota pamatope, phazi lam'kati lili panja likukwekwesa pansi, njinga yapendekera mpaka mantha, mudzamvetsa chimene phazi lomasuka limapatsa munthu: mtima wolowa pakona mothamanga podziwa kuti tayala likaterereka pali chotchinjiriza. Sindikunena kuti tonse tingakhale ngati iye. Ndikungoti wina akadzakuuzani kuti ma flat ndi a ophunzira, mumutchulire dzina limeneli.

Nkhani yaikulu kwa ine si ya akatswiriwo. Anzathu a ku Cape Town ndi Stellenbosch ali ndi tinjira tokumbidwira njinga zokhazokha, tolembedwa kuti aka n'kokwerera, aka n'kotsikira, ndipo munthu akamatsika amadziwa kuti kutsogolo kulibe wina. Tinjira ta pa Zomba si tathu. Eni ake ndi amayi otola nkhuni, anyamata onyamula matabwa, ana ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi, abambo otsitsa njinga zodzaza nkhuni mpaka chishalo osaoneka, ndi anyani amene amakhala pakati panjira mopanda changu chilichonse. Ife opalasa mosangalala ndife alendo m'menemo.

Taganizirani kutsika kanjira ka m'mapaini kumunsi kwa Emperor's View, kuja anakaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Masamba a paini adzaza pansi, tayala silikumveka, ndipo ukangotuluka pakona ukupeza amayi atatu ali pamzere, aliyense wasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa njinga yako kawiri. Wakutsogolo akamva phokoso amatembenuka, ndipo akatembenuka mtolo wonse umazungulira n'kutseka njira kuchokera kuphompho mpaka kukhoma. Pamenepo palibe nthawi yokumbukira kuti chidendene chipite kunja. Umafinya mabuleki, phazi lili kale pansi, ukukokera njinga m'udzu.

"Pepani amayi, dutsani."

"Zikomo bambo. Koma muziliza belu, mutipha nazo njinga zanuzi."

Amanena zoona, ndipo belu ndinaika. Koma ngakhale ndi belu, paulendo umodzi umaima kambirimbiri: kupatsa njira, kupereka moni, kuwoloka kamtsinje, kunyamula njinga pamtengo wogwa. Munthu wozolowera ma clipless zaka zambiri amatulutsa phazi mosaganiza, zimenezo sindikana. Vuto ndi miyezi yophunzira, pamene mutu ukudziwa chochita koma mwendo sunadziwe. Aliyense amene anaphunzirapo amagwa kugwa kumodzimodzi, njinga itaima kale, akupendekera pang'onopang'ono mapazi ali m'kati. Pabwalo la mpira anthu amangoseka. M'mbali mwa phompho la kufupi ndi Chingwe's Hole palibe choseketsa. Ndipo chimene ndimaona kwa anyamata amene amanga mapazi msanga ndi chakuti amayamba kuopa malo ovuta. Akaona miyala kutsogolo amamasuliratu phazi limodzi, n'kulowa pamiyalapo ataponda ndi chitsulo pachitsulo, komwe ndi koterera kuposa chilichonse. Ena amangotsika n'kukankha. Chaka chimatha luso lawo lili pomwe lija.

Kenako pali dothi lathu. Katondo wa mu Januwale akanyowa amamata. Ukangotsika n'kuyenda mapazi khumi, kabowo kamene muli cleat kadzaza, ndipo ukakweranso pedulo ikukana kugwira. Umayamba kumenyetsa nsapato m'mbali mwa pedulo, zikakanika umakhala pansi kutokosa ndi kamtengo anzako akudikira. Nthawi zina zimachitika mosiyana, phazi lalowa koma matope auma m'kati ndipo kutuluka kukufuna mphamvu. Opanga mapedulo akudziwa vutoli. Eggbeater ya Crankbrothers ndi ATAC ya Time anazipanga zotseguka kuti matope azigwera pansi, ndipo Eggbeater imalowetsa phazi mbali zinayi. Zimathandiza, koma nsapatoyo ndiye imakhalabe ndi chitsulo pansi, ndipo amene anayendapo pamiyala yonyowa ya pa Williams Falls atanyamula njinga paphewa akudziwa mmene chitsulo chimachitira pandere. Ma flat matope alibe nawo ntchito. Umapala nsapato paudzu kamodzi n'kumapita.

Chinthu china chimene sichikambidwa m'mavidiyo a kunja ndi chakuti kuno zipangizo n'zosowa. Mnzathu wina, mphunzitsi, anataya kabawuti kamodzi ka cleat tili pamwamba pa phiri. Kabawuti kakatsala kamodzi, ukapotoza chidendene nsapato imazungulira koma cleat imatsalira m'pedulo osasuntha, ndiye kuti phazi silingatuluke ngakhale utapotoza motani. Anayenera kutsamira mtengo, kumasula zingwe, kuvula nsapato n'kuisiya ikulendewera panjinga iye ataima ndi sokosi. Tinaichotsa potokosa sipuling'i ndi sikuludiraiva. Mwamwayi timabawuti tomangira disiki ya buleki ndi ta muyeso womwewo wa M5, choncho tinabwereka kamodzi pa tisanu ndi kamodzi ta kutayala lakumbuyo mpaka tinafika m'tauni. Koma kupeza kabawuti koyenera ka mutu wophwatalala kunatenga masabata, mpaka kanachita kubwera ndi munthu wochokera ku Lilongwe. Ma cleat nawonso amatha, makamaka ukamayenda nawo pamiyala, ndipo si chinthu chimene ungachipeze mumsika wa Zomba.

Pedulo ya flat ikathyoka, mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo wa mango akuthandiza. Njinga zambiri za akuluakulu mazinga a pedulo ndi amodzi, 9/16 ya inchi, ndipo sipanala ya 15 aliyense ali nayo. Akuikira pedulo wamba ya njinga yakumudzi, ufika kunyumba. Chongoyenera kuyang'anira ndi chakuti pedulo yakumanzere mazinga ake ndi otembenuza, imamangidwa pozungulira chakumanzere, ndipo pachitsulo pake pamalembedwa L, inayo R. Mmisiri wachangu akaikakamiza mbali yolakwika pa kranki (mkono umene pedulo imamangidwapo) ya aluminiyamu, mazinga amatha ndipo kranki yonse yapita. Muyambe kumanga ndi zala, mutapaka girisi pang'ono, sipanala ibwere pomaliza.

Tikamakangana za mapedulo a ndalama zambiri chonchi ndimakumbukanso akabaza. Yang'anani pansi pa mapazi awo pasiteji: ambiri labala ndi mbale zonse zinagwa kalekale, kwatsala kachitsulo kapakati kokha, kosalala mpaka kunyezimira, ndipo munthu akukwera nako mtunda atavala patapata, kumbuyo kuli mayi ndi mwana ndi thumba la ufa. Mwendo ukakhalapo, zina zonse n'zowonjezera.

Ma flat ali ndi msonkho wake, ndipo umaperekedwa ndi msongolo. Phazi likaterereka, pedulo imazungulira n'kukumenya kutsogolo kwa mwendo ndi timisomali tonse tija. Magazi amatuluka ambiri kuposa kukula kwa bala, ndipo zipsera zake zimakhala pamzere, moti opalasa anzako amakuzindikira ukavala kabudula. Masokosi aatali okhuthala amachepetsako. Koma chothandiza kwenikweni ndi kaimidwe. Pa ma clipless munthu amaponda ndi kutsogolo kwa phazi. Pa ma flat phazi lipite kutsogolo pang'ono, chitsulo chapakati cha pedulo chikhale pafupi ndi pakati pa phazi. Potsika, imirirani, zidendene zigwe pansi, mawondo akhale omasuka. Zidendene zikagwa, bampu iliyonse imakankhira pedulo m'phazi m'malo moliponya kutsogolo. Ukaimirira ndi zala, miyendo ili gwa, njinga imakutaya pamwala woyamba. Pofuna kudumpha muzu kapena ngalande, sukoka njinga ndi mapazi. Umaikankhira pansi, kubweza thupi kumbuyo kuti tayala lakutsogolo lidzuke, kenako kuloza zala pansi n'kukankhira mapazi kumbuyo kuti lakumbuyo litsatire. Wophunzira zimenezi pa ma flat akadzamanga mapazi amakhala katswiri woopsa. Woyambira pa ma clipless amazolowera kungokoka, ndipo tsiku limene phazi lidzamasuke m'malere amadzatera popanda njinga.

Ndalama zanu zipite kunsapato. Pedulo yabwino ndi nsapato yolakwika n'zopanda ntchito. Kampani ya Five Ten, imene Charles Cole anayambitsa ku California mu 1985 ndipo a Adidas anaigula mu 2011, inkapanga nsapato za anthu okwera matanthwe ndi manja, ndipo labala wawo wotchedwa Stealth ndi amene anasintha nkhani yonse ya ma flat. Ndi wofewa ndipo sanjanja, amakakamira patimisomali ngati nkhupakupa pakhutu la galu, moti ukaponda molakwika uyenera kudzutsa phazi kuti ulikonze, silikhotera pomwepo. Nsapato zimenezi n'zodula ndipo zikanyowa zimachedwa kuuma. M'nyengo ya chiperoni ukazinyowetsa Loweruka, Lachiwiri zikadali zonyowa.

Kwa ambirife yankho lili pakaunjika. Funani nsapato za anyamata a skateboard, monga Vans, zija za soli yophwatalala ya timabowo ting'onoting'ono. Itembenuzeni muone ngati pansi pali pofanana kuyambira kuchidendene mpaka kuzala, popanda chigwa pakati. Dinani labalayo ndi chikhadabo, alowe pang'ono. Kenako ipindeni ndi manja awiri: ikapindika pakati mosavuta, phazi lidzakupwetekani ulendo ukatalika, funani yolimbako. Nsapato zothamangira zisiyeni. Pansi pake ndi siponji, timisomali timaing'amba mwezi usanathe, ndipo migulamigula yake imalepheretsa phazi kukhala pansi bwino. Wogulitsa adzakuuzani kuti yothamangirayo ndiye ya masewera, inu ingomwetulirani mutenge inayo. Mapedulo enieniwo safuna kuti mugulitse mbuzi. A nayiloni okhala ndi timisomali tachitsulo, monga Race Face Chester kapena a OneUp, amagwira mofanana ndi a aluminiyamu, ndipo akagunda mwala amatsetsereka m'malo mokodwa.

Ma clipless anga ndimawamanga ulendo ukakhala wautali ndi wotseguka, monga kutsika ku Kachulu kunyanja ya Chilwa n'kubwerera, kumene msewu ndi wafumbi, mabampu ndi osatha, ndipo munthu umapalasa maola ambiri osaima. Kumeneko nsapato yolimba ndi phazi losasuntha zimandisungira mphamvu. Misewu ya pa Nyika yozungulira Chelinda, yokwera ndi kutsika m'udzu popanda makona obisika, ndi malo enanso amene amawayenera. Ndipo ngati cholinga chanu ndi mpikisano, mudzawafuna ndithu.

Mukaganiza zowayesa, musayambe ndi cleat yakuda ya SH51 imene imabwera m'bokosi la mapedulo ambiri a Shimano, chifukwa imatuluka njira imodzi yokha. Funani SH56, imene imamasuka ngakhale mutapotoza chidendene mokwezera m'mwamba, momwe munthu wodzidzimuka amachitira. Kumbuyo kwa pedulo kuli kabawuti ka allen key ya 3, kamasuleni mpaka kumapeto kwa chizindikiro chochotsera (-) kuti sipuling'i ifewe, mbali zonse ziwiri za pedulo iliyonse, ndipo muzimanga pang'onopang'ono mukazolowera. Pedulo ya M520 ndi yotsika mtengo ndipo imakhala zaka. Cleat ikhale kumbuyo pang'ono kwa fupa la chala chachikulu, ndipo iloze mmene phazi lanu limalozera mukaima mwachibadwa. Bondo likayamba kuwawa, vuto lili pamenepo, musapirire. Phunzirani paudzu, phazi limodzi kaye, kulowa ndi kutuluka mpaka zitakukwanani. Aja a mbali ziwiri, kwina flat kwina clipless, ine sindiwakonda m'phiri. Nthawi imene ukufuna mbali ina, pamwamba pamakhala inayo, ndipo umayamba kuyang'ana pansi pamene maso akufunika kutsogolo.

Kusintha mapedulo kumatenga mphindi khumi, choncho palibe chifukwa cholumbira kuti ndine wa mbali iyi mpaka kalekale. Mukasintha muyezenso chishalo, chifukwa makulidwe a pedulo ndi soli amasiyana, ndipo phazi likapita kutsogolo pa ma flat mwendo umafupika pang'ono, chishalo chimafuna kutsika mamilimita ochepa. Ngati muli ndi m'bale ku Joni amene akubwera pa Khirisimasi ndipo m'chikwama mwake muli malo a chinthu chimodzi chokha, muuzeni ma flat a nayiloni ndi kapaketi ka timisomali tapadera, chifukwa timathyoka pamiyala ndipo kuno simutipeza. Nsapato mukasankhe nokha pakaunjika tsiku lotsegula belo.